Galimoto Yogona ya a Mbewe

Clementina ankapukuta mbale zimene amayi a mphakati wa kutchalitchi anamubwereka pa maliro pamene mwana wake Mwayi anatulukira kuseri kwa nyumba, ndowa yopanda madzi ili m'manja.

"Amama, aitulutsa."

"Atulutsa chiyani?"

"Motoka ya atate. A Trevor abwera ndi makaniko wa ku Chipata, aikankhira pabwalo, atsegula boneti. Achimwene ali komweko. Sakulankhulana bwino."

Clementina anamaliza kupukuta mbale imene inali m'manja mwake, naiika pamwamba pa zinzake, navundikira zonse ndi nsalu kuti nkhuku zisakwerepo. Sanafunse kuti atsegula bwanji. Mwamuna wake, Feston Mbewe, amene anali atangomuika m'manda sabata yomweyo, sanakhomepo galimoto yake ndi tsiku limodzi lomwe.

Anaipeza itaima pansi pa mtengo wa mango. Inali galimoto yaitali kumbuyo, yoyera koma kuyera kwa beseni lakale, mawilo ake achitsulo chakuda, yopanda chilembo n'chimodzi chomwe. Ikaima pasiteshoni ku Katete munthu sakanaisiyanitsa ndi zinzake zonyamula anthu ndi matumba a mtedza kupita ku Sinda. Koma madalaivala a pamsewu waukulu ankaidziwa. Ankati ukaiona pagalasi ikubwera itayatsa nyali masana, patuka, muli wodwala. Ukayang'ananso, yadutsa kale. Anyamata okonda magalimoto ali ndi dzina la galimoto yotere, yooneka yotopa pomwe liwiro labisala m'kati. Amati yogona. Ku Katete ukati yogona ya a Mbewe sunkafunika kulongosola.

Trevor, mwana wa mlongo wawo wa a Mbewe, anali ataweramira m'boneti, foni ili m'manja. Makaniko wake anaima chapambali akupukuta zala, nkhope ikuonetsa kuti akanakonda akanakhala kwina. Zikani, mwana woyamba wa Clementina, anali atatsamira chitseko cha dalaivala, manja atapinda pachifuwa.

"Bwera uone wekha, msuweni," anatero Trevor. "Palibe pomwe anawotcherera. Palibe bawuti yachilendo. Mawaya onse ali m'njira zawo. Injini iyi inabadwira muno."

"Ndiye kuti atate anali ndi dzanja."

"Amalume anali ndi dzanja, sindikana, koma sanali fakitale ya ku Japani. Mvera. Yogona yeniyeni ndi imene munthu wamanga yekha. Watola chimkoko chakutha, waikamo injini yolusa, anthu akukuseka mpaka utawasiya m'fumbi. Iyi anaipanga yothamanga kuchokera kwawo. Yangothothoka zilembo chabe. Ndaika zithunzi pa gulu lathu la pafoni, onse akunena chimodzimodzi."

"Gulu lanulo linaliko? Ine ndinaliko. Ndinkawapatsira masipana."

"Unali giredi fili, iwe. Unkasiyanitsa sipana ndi supuni?"

Kale mawu otere akanathera m'kuseka, pakuti awiriwa anakula akunyozana monga amachitira asuweni. Tsiku limeneli Zikani anachoka pachitseko pang'onopang'ono, ndipo makaniko anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda mtengo.

"Tsekani boneti," anatero Clementina. Sanakweze mawu. "Anthu akadali pamphasa m'nyumbamu."

"Pepani, anti. Timangoona chabe."

"Mwaona. Tsekani."

"Asiyeni aone bwinobwino, alamu."

Anali a Theresa, amake Trevor, mlongo wamkulu wa malemu. Anaima pakhonde atagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, monga ankaimira nthawi zonse chifukwa cha msana.

"Mawa pometa amalume athu a Lloyd adzafunsa," anapitiriza. "Sitifuna mawu a m'maloto. Ng'ombe zimene zinagula chinthu ichi zinali zenizeni."

Nkhani ya ng'ombe inali yakale, ndipo aliyense pabanjapo ankaidziwa. Amayi awo a Theresa ndi a Mbewe atamwalira anasiya khola. A Mbewe anapempha mlongo wawo kuti agulitse ng'ombe zonse, ngakhale ziwiri zolimira, aitanitse galimoto kunja, nalonjeza kuti idzakhala ya mbumba ndipo ng'ombe zidzabwerera m'khola. Galimoto inabwera. Ng'ombe sizinabwerere. Theka la anthu amene a Mbewe ankanyamula ankalipira ndi nkhuku, dzungu, kapena mawu akuti Mulungu akudalitseni, ndipo a Theresa analima munda wawo wa thonje ndi khasu zaka zonsezo.

Mbali zonse ziwiri zinali zitapita kale kwa a Lloyd, amalume awo a malemu, ndipo mkuluyo anali atanena mmene adzaweruzire. Ngati chimene ng'ombe zinagula ndi chomwecho chaima pabwalo, galimoto ndi ya a Theresa. Koma ngati ng'ombe zinagula thupi lokha, ndipo mphamvu imene anthu amaitamayo anaikamo ndi Feston ndi thukuta lake, galimoto ikhala kwa ana, Zikani azidzagulira azakhali ake ng'ombe zolimira pang'onopang'ono.

Trevor anatseka boneti. Anaitseka mosamala, ndi manja awiri, ndipo Clementina anaona zimenezo.

Dzuwa litapendeka Zikani anapeza amayi ake kukhitchini akusankha nyemba m'lichero. Anakhala pakhomo, miyendo ili panja.

"Amama, mawa adzakufunsani."

"Ndikudziwa."

"Makaniko uja wabwera ndi Trevor, mawu ake ambuye a Lloyd sawatenga. Anga akuti ndinali mwana. Mwatsala inu. Mudzangonena zimene zinachitika. Atate anaiphwasula pansi pa mtengo uja mwezi wathunthu. Munkadandaula za mafuta pa zovala."

"Ndikukumbukira."

"Basi. Anaikamo injini ina. Mawu ake ndi omwewo."

Clementina anatola kamwala m'nyemba nakaponya panja.

"Amama?"

"Wadya?"

"Musandifunse za kudya. Motoka ikapita ine ndipita kuti? Ndikakhale wolendewera pachitseko cha minibasi, ndizikuwa Chipata, Chipata? Mwayi alemba mayeso chaka chino. Trevor akufuna akaipentenso, akaigulitse ku Lusaka kwa anyamata oti akaigubuduze Loweruka limodzi. Ine ndinanyamuliramo atate atagwa m'dimba muja. Mutu wawo unali pamiyendo panu. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale."

"Ndiye?"

"Ndidzanena zimene ndinaona."

Zikani anawayang'ana m'maso.

"Mukunena ngati mukundiopseza," anatero, nanyamuka.

Clementina anatsala ndi lichero pamiyendo. Ankadziwa yankho, ndipo ankalidziwa yekha mwa amoyo. A Mbewe sanachotsepo injini m'galimoto ija. Ankadziwanso kuti sankafunika kunama bodza lalikulu. Akanangoti, ine ndine mkazi, za injini sindidziwa, ndipo palibe amene akanadabwa. A Lloyd akanasowa umboni, ndipo mkulu uja akasowa umboni ankapendekera kwa amasiye.

Anapisa dzanja m'thumba la bulauzi nagwira korona, koma sanayambe pemphero lililonse lodziwika. Anangoti chamumtima, Ambuye, mukuona. Mwana uja ndi wanga.

Chithunzithunzi chinatseka khomo. Anali a Theresa, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Imwani. Kuyambira m'mawa sindinakuoneni mukuika kanthu kukamwa."

"Zikomo, alamu."

"Ndathira mkaka wa Trevor uja wa m'chitini. Asadziwe."

Anakhala pansi movutikira, dzanja limodzi pakhoma, natenga lichero pamiyendo ya Clementina n'kuyamba kusankha okha. Zala zawo zinali zopindika, zolimba ngati mizu. Chiyambire maliro, a Theresa ndiwo ankagona pambali pa Clementina, ndiwo ankamufunditsa mapazi kukazizira m'bandakucha, ndiwo anathamangitsa amayi amene ankafuna kumuuza maloto awo okhudza malemu. Za galimoto sanatchule m'khitchini muja. Anasankha nyemba mpaka zinatha, nanyamuka ndi kubuula kwakung'ono kumene ankayesa kubisa.

M'mawa mwake, atatha kumeta, anayala mphasa pansi pa mango, pafupi ndi galimoto. Achibale anakhala amuna uku, akazi uku. A Lloyd anakhala pampando wa ndalema, chipewa chili pabondo. Anali munthu wofatsa, wosakonda milandu, ndipo ankamva ndi khutu lakumanja lokha, kotero aliyense wolankhula ankayenera kunyamuka n'kudzakhala kumanja kwawo.

Zovala, njinga ndi makasu zinagawidwa popanda phokoso. Jekete la kutchalitchi linapita kwa Zikani, nsapato kwa Trevor chifukwa ndiye zinamukwana. Kenaka a Lloyd anayang'ana galimoto napuma mozama.

"Tafika pa chinthu chija. Ndani ayambe?"

Trevor anayamba. Analankhula mwaulemu, koma mawu achingerezi ankamupulumuka, ndipo a Lloyd ankangogwedeza mutu ngati munthu womvera mvula padenga. Anati ku Japani amapanga magalimoto a mtundu umodzi pawiri, ina ya banja, ina yothamanga, thupi lofanana. Malemu amalume ake anapeza yothamangayo. Palibe chimene anawonjezera.

Zikani anabwera pambuyo pake. Ananena za mwezi uja pansi pa mtengo, zitseko zili pa udzu, mawilo ali mulu, atate ake ali chagada pansi pa galimoto akuitana nambala za masipana. Anati Katete yense amadziwa amene anamanga galimoto imeneyi.

"Katete yense analiko?" anafunsa a Lloyd, osati monyoza.

"Ayi, ambuye."

Anaitana a Zuberi, mwini sitolo ya zipangizo za magalimoto, amene anali bwenzi la malemu ndipo anabwera kudzapepesa ndi thumba la mpunga. A Zuberi anavula nsapato asanaponde mphasa.

"Kwa ine anagula penti yoyera, sandipepala, mawilo achitsulo ndi ekizozi. Zimenezo ndikukumbukira, chifukwa ndinamuseka. Injini ine sindigulitsa. Koma munthu uja ankapita ku Chipata, ankafika ndi ku Mchinji. Chimene sindinaone sindingachilumbirire. Mulungu akundiona."

"Mwalankhula bwino," anatero a Lloyd. Anatembenuka. "Amake Zikani. Pepani kukuvutitsani muli m'misozi. Bwerani kuno."

Clementina ananyamuka. Kuchoka pamphasa ya amayi kufika kumanja kwa a Lloyd anayenera kudutsa patsogolo pa mwana wake. Zikani sanadzutse mutu, koma anabweza mapazi kuti amayi ake adutse. Clementina anagwada, nakonza duku pamutu wometedwa.

"Inu munali pakhomo pano," anatero a Lloyd. "Ngati simudziwa, nenani kuti simudziwa. Palibe amene akudzudzuleni. Izi ndi zinthu za amuna."

Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo mkuluyo anali atalitsegula dala. Clementina anayang'ana manja ake. Anamva Mwayi akusuntha kumbuyo kwake. Njiwa inalira m'mwamba mwa mango.

"Ndikudziwa, apongozi," anatero. "Injini ndi yomwe ija inabwera nayo. Atate ake Zikani sanaichotsepo."

"Amama!" anakuwa Zikani, akuimirira.

"Khala pansi, mdzukulu," anatero a Lloyd. Anapendeketsa khutu. "Mwati sanaichotsepo?"

"Sanaichotsepo."

"Nanga mwezi wonse uja ankachita chiyani pansi pa mtengo uno?"

Clementina sanali munthu wolankhula pagulu. Anayamba motsitsa, mwakuti amayi akumbuyo anasendera.

"Motoka iyi inabwera yofiira. Iwo anauza woitanitsa kuti akufuna yaitali kumbuyo, yonyamula, ndipo anasankha pa kachithunzi kakang'ono. Itafika tinaona ili ndi magalasi akuda, mawilo onyezimira, phiko pamwamba kumbuyoku, ndipo ikalira nkhuku zinkabalalika. Alamu akukumbukira."

"Ndikukumbukira," anatero a Theresa. "Ndinati ng'ombe za amayi zasanduka chidole."

"Anaikonda. Sindinama, anaikonda. Ankaipukuta m'mawa ndi madzulo ndi thaulo langa latsopano. Tsiku lina masana tikuchokera ku Mkaika tinapeza mayi atakhala m'mbali mwa msewu, mwana ali pamiyendo. Mwana wamkulu ndithu, wa sukulu, khosi lili lende. Iwo anaima, anatsitsa galasi, nati lowani tikufikitseni kuchipatala. Mayi uja anayang'ana motoka, anayang'ana mapazi ake. Inali nthawi ya dzinja, anali ndi matope mpaka m'maondo. Anati ayi bwana, pitani, ngolo ikubwera. Ndinatuluka ine kukamupempha. Anati mwana akusanza, aipitsa mipando, ndipo alibe cholipira. Tinati sitifuna kanthu. Apo ndiye anaopa kwambiri. Mukudziwa zimene anthu amanena za magalimoto a magalasi akuda ofuna kunyamula ana ulere. Anamubereka mwana uja n'kulowa m'chimanga. Tinaitana, tinadikira, sanatuluke."

Anakonzanso duku lake.

"Patapita masiku tinamva kuti kumudzi wa kufupi ndi pamenepo aika mwana, anafera pangolo. Kaya anali yemwe uja, sitinafunse. Iwo tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake ndinawapeza akumasula phiko. Anachotsa zilembo, anamatula zakuda za m'magalasi, anasintha mawilo, anaika ekizozi yosalira. Anachotsa zitseko n'kupala kufiira konse ndi manja mpaka zala zinatuluka magazi. Mipando anaiveka nsalu ya matumba. Ndinawafunsa kuti nanga injini, poti ndiyo imamwa mafuta. Anati injini ikhale, wodwala amafuna liwiro. Koma kunjaku kuoneke koti munthu wa matope angathe kukweza dzanja."

Clementina anayang'ana kumene kunakhala Zikani.

"Zikani ankawapatsira masipana, sakunama. Atakula n'kumva anyamata akuti atate ake anamanga injini, ankabwera kudzawafunsa. Iwo ankangoseka, n'kumuuza kuti tenga ndowa utsuke mipando. Za mayi uja sankafuna kuzinena. Ndi zimene ndinaona, apongozi."

A Lloyd anazunguza chipewa pabondo kangapo.

Trevor ndiye anayamba kutsegula pakamwa. "Ndiye ndi zimene ndimanena, kuti si yogona yeniyeni, chifukwa fakitale..."

"Mwana wanga," anatero a Zuberi motsitsa, "inabwera ikukuwa msewu wonse. Amene anaikhalitsa chete ndi amalume ako. Dzinalo mukakambirane pa gulu lanu."

Trevor anayang'ana foni yake, naiika m'thumba.

"Ine ndinene," anatero a Theresa. Sananyamuke kupita kumanja kwa a Lloyd, anangokweza mawu. "Mwana wa eni anamwalira, mlongo wanga anapala motoka mpaka kutuluka magazi. Chabwino. Anali munthu wabwino, ndinamulera ndine. Koma ine ndalima ndi khasu mpaka msana wapindika, akundidutsa pamsewu ndi odwala ake, akuimba hutala, akukweza dzanja. Chaka chilichonse ankangoti, alongo, chaka chamawa ng'ombe zibwera. Ine sindinali wa matope? Kapena wa matope ndi mlendo yekha?"

Analira tsopano, kulira kouma kopanda misozi yambiri.

"N'zoona, alamu," anatero Clementina. "Ankadziwa. Zinkawasowetsa tulo, koma sanakonze."

A Lloyd anadikira mpaka a Theresa atapukuta m'maso.

"Mawu ndinanena kale, pamaso pa mbali zonse," anatero, mawu ali olemera. "Sindingawameze lero chifukwa nkhani yandikhudza. Chimene ng'ombe zinagula ndi chomwechi. Feston anachotsako, sanaonjezere. Motoka ndi ya Theresa."

Zikani anaimirira. Anatulutsa kiyi m'thumba la buluku, nayenda mpaka pamphasa ya azakhali ake, nagwada bondo limodzi n'kumuika pamenepo. Amayi ake sanawayang'ane. Analowera njira ya kudimba, ndipo tsiku lonse sanabwere kudzadya.

Tsiku lonyamuka alendo, Clementina anatuma Mwayi kukwera pampando m'chipinda chosungira mbewu. Pamitanda ya denga panali thumba la feteleza lomanga pakamwa, ndi chinthu chachitali chokulunga m'mapepala a simenti. Anazinyamula okha awiri mpaka pagalimoto, pomwe Trevor ankayang'ana mafuta.

"Izi zinabwera ndi motoka," anatero Clementina. "Ndi zanu. Mawilo aja anapatsa munthu kalekale."

Trevor anang'amba pepala pang'ono. Kufiira kwa phiko kunawala ngati lapentedwa dzulo. M'thumba munali zilembo zachitsulo, chilichonse chokulunga m'kansalu kake. Anatenga chimodzi, nachipukuta pa buluku, nachiyang'ana padzuwa. Kenaka anachikulunganso.

"Sanataye," anatero.

"Ndinakuuzani kuti anaikonda."

Trevor anatsegula chitseko chakumbuyo kuti alonge. Atanyamula chivundikiro cha pansi, pomwe pamakhala tayala lapadera, anaima. Mozungulira tayalalo munali zitenje zochapa zopinda bwino, pepala lalikulu la pulasitiki, kabeseni, sopo, botolo la madzi ndi kapu. Zimenezi Clementina ankazidziwa, chifukwa ndiye ankachapa zitenjezo zikabwera zitaipa. Koma pakona panali kajumbo kamene anali asanakaonepo. Trevor anakatsegula. Munali tizipewa ta ana akhanda, toluka, togula pa salaula wa zovala zakale, tina tofiirira, tina tobiriwira, tonse tochapa.

Clementina anatenga kamodzi. Kanakwana pachikhatho chake. Anaganiza za mwamuna wake, munthu wamkulu wa manja a mafuta, ataima pamulu wa salaula pamsika wa Katete akusankha tizipewa, kenaka n'kutichapa yekha kwinakwake kuti mkazi wake asamuseke.

"Amabadwira m'njira ena," anatero Mwayi chapansipansi. "Anandiuzapo kuti mutu ndiwo umazizira msanga."

Trevor anayamba kutulutsa zitenje. "Izi ndi zanu, anti. Ndikuikireni pakhonde."

"Bwezera."

Anali a Theresa, atafika ndi chikwama chawo, duku la maliro lili kumutu.

"Amama, wogula sangafune..."

"Ndati bwezera, mmene unazipezera. Wogulayo akazichotse yekha ndi manja ake. Ife sitichotsa."

Trevor anabwezera chimodzichimodzi. Clementina anaika kachipewa kaja m'kajumbo, ndipo mnyamatayo anatseka chivundikiro.

A Theresa anaima pafupi ndi mlamu wawo, maso ali pa galimoto.

"Ndigulitsa, alamu. Sindikunamizani. Ng'ombe ndigula, mvula isanagwe. Musandione ngati mfiti."

"Sindikuonani choncho."

"Zikadzabwera, zidzayamba munda wanga, kenaka wanu. Mumuuze Zikani. Kwa ine sangamve lero."

Analowa kumbuyo, osati kutsogolo, nakhala pampando wa nsalu ya matumba, chikwama chili pamiyendo. Trevor analiza injini. Inalira motsitsa monga mwa masiku onse, ndipo galimoto inatuluka pachipata pang'onopang'ono, nikhotera kumsewu wa ku Katete. Mwayi anatenga tsache nayamba kusesa masamba a mango, ngakhale anali atasesa kale.

Zikani anali m'chisakasa momwe galimoto inkagona. Anabwera nthawi yanji, Clementina sanadziwe. Anakhala pa tayala lakutha, atavala jekete la atate ake pa kutentha konseko, akuyang'ana dothi lakuda ndi mafuta pakati pa mizere iwiri ya matayala.

Clementina analowa. Panalibe pokhala, choncho anagwada pa dothi lomwelo, patsogolo pa mwana wake. Zikani anadzidzimuka, nafuna kuimirira, koma amayi ake anamugwira bondo.

"Zikani."

Mnyamatayo anayang'ana kumbali.

"Ambuye ako anandipatsa njira. Ndikanangoti sindidziwa, bwenzi lero uli pamsewu. Ndinakuona, ndinaona Mwayi, ndinayesa. Pakamwa panakana." Mawu ake anakwera osafuna, mwakuti panja tsache linaleka kulira. "Ndakulanda motoka, mwana wanga, ndakulandanso nkhani imene unkanyadira. Sindidziwa kuti tidya chiyani. Ndikhululukire."